Mwana Woyang'ana Pakamwa

Mwana wanga wamkulu ankayang'ana anthu pakamwa. Ukamalankhula naye ankaima chilili, khosi litapendekeka pang'ono, maso ali gaa pankhope pako mpaka umalize. Ankatero kwa ine, kwa bambo ake, kwa ansembe, ngakhale kwa amayi ogulitsa usipa pamsika. Ine ndinkanyadira. Ndine mphunzitsi, ndipo tsiku lonse ndimakhalira kukalipira ana oyang'ana pawindo, ndiye kukhala ndi mwana womvetsera chonchi ndinkati ndi mphoto yanga. Kusukulu ankakhala kutsogolo ndipo ankakhoza bwino.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza kukaphunzitsa ku Lungwena ndili mtsikana, ndipo ndinakwatiwa komweko. Amuna anga ndi mbadwa ya kunyanjako, a m'banja lakale la Chiangilikani, asodzi a boti la injini. Ndi munthu wa mawu aakulu. Akamapereka moni pakhonde, nkhuku zimathawa, ndipo wailesi yawo amamvera nawo anthu a nyumba yachitatu. Ndinkati ndi injini ya boti inawazoloweza phokoso. Chimene chinandikopa pa iwo n'chakuti ndikamalankhula ankasiya zonse n'kundiyang'ana ngati padziko palibenso wina. Amuna ena ukamawauza nkhani maso amakhala ali kwina, koma awa ayi.

Vuto linayamba nditabereka mwana wachiwiri, nayenso wamkazi. Wamkuluyo anali mu Sitandade 4. Alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, amene anakwatiwa ku Nkope tsidya lina la nyanja, anabwera kudzaona khanda. Ndi mayi wamtali, wouma thupi, wa duku loyera, wosaseka wamba. Atakhala pamphasa, mwana wanga wamkulu anabwera kudzawapatsa moni. Anagwada bwinobwino, koma maso anali pakamwa pa azakhali akewo monga mwa masiku onse. Ndinaona alamu anga akusintha nkhope. Mawu amene ankalankhula anathera panjira, ndipo dzanja limene anatambasula analibweza.

"Mlamu," anatero mwanayo atachoka, "mwanayu anayamba liti kuyang'ana chonchi?"

"Kalekale. Ndi mmene alili."

"Mundipatse pa holide ndikakhale naye. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mtsikana woyang'ana akulu m'maso anthu amamunena, ndipo ponena amayambira kwa mayi wake."

Mlendo wobwera kudzaona khanda akuyamba kundiphunzitsa kulera! Ndinafuna kuwayankha zoti akakumbukire mpaka ku Nkope, koma ndinali ndi khanda pamiyendo ndiponso anthu pakhonde. Ndinayang'ana amuna anga kuti akane. Iwo anangoti achemwali akunena zoona, apite naye. Sukulu itatsekera, mwana ananyamula kachikwama kake n'kupita.

Anabwerako ali mwana wina. Ukamuitana ankabwera n'kugwada chapatali, manja pamodzi, maso pansi. Anthu a m'mudzi anayamikira kwambiri. Amayi a kutchalitchi ankandiimika panjira n'kumati tsopano aphunzitsi muli ndi mwana, azakhali ake agwira ntchito. Ndinkangoti zikomo, mano ali pamodzi.

Sipanapite nthawi, zinthu zinayamba kusokonekera. Ndikamutuma mchere ankabwera ndi machesi. Ndikamufunsa ngati watseka khola ankati "eya," ndikamufunsa ngati walisiya lotsegula ankatinso "eya." Poyamba ndinkaseka, kenako ndinayamba kukalipa. Mnzanga amene ankamuphunzitsa anandikokera pambali nthawi yopuma n'kundiuza kuti, "Madamu, mwana wanu wasanduka nkhutukumve. Ndikamalankhula amangoyang'ana pa desiki. Ndikamufunsa funso amayankha za dzulo." Mwana amene sankatsika pa nambala zoyambirira anayamba kubwera kunyumba ndi makope odzaza inki yofiira. Anasiyanso kusewera fulaye ndi anzake. Ankakhala kuseri kwa nyumba, akusenda chinangwa chimene palibe anamutuma.

Tsiku limene ndinachita mantha enieni tinkachokera kuchigayo. Iye anali patsogolo ndi kabeseni ka ufa pamutu, ine pambuyo ndi khanda kumsana. Kumbuyo kwathu kunatulukira njinga yamoto ya kabaza itanyamula madengu a nsomba mbali zonse, ikuliza hutala kuchokera patali. Ine ndinapatuka. Anthu onse anapatuka, ngakhale mbuzi. Mwana wanga anapitiriza kuyenda pakati pa msewu, maso pansi monga anamuphunzitsira. Ndinakuwa dzina lake mpaka kukhosi kunawawa. Sanatembenuke. Wakabazayo anakhotetsa, dengu linamukhudza paphewa, ufa wonse unamwazika mumchenga. Mwanayo anaima n'kuyang'ana ufawo, kenako anayang'ana ine mwamantha. Chimene ankaopa n'chakuti ndimumenya chifukwa cha ufa. Za njinga sankadziwa kuti yachokera kuti.

Mayi wina woyandikana nafe, Msilamu wachikulire amene ankandikonda ngati mwana wake, anaona zonsezo. Madzulo ake anabwera ndi kambale ka ufa kudzabwezera umene unatayika, ndipo anakhala pansi osafulumira kuchoka.

"Aphunzitsi, ine sindikunena munthu, Mulungu ndiye mboni. Koma mwanayu anapita tsidya akumva, wabwera makutu atatseka. Inuyo mwaphunzira, muziganiza nokha."

Ndimaphunzitsa sayansi. Ndimaimba kwaya. Ndikanakonda kunena kuti mawu amenewo ndinawataya kudzala, koma analowa n'kukhazikika. Mawa lake ndinamukhazika mwanayo patsogolo panga, ndinamugwira chibwano kuti andiyang'ane, n'kumufunsa zimene azakhali ake ankamuchita ku Nkope. Anayankha bwinobwino, osaphonya liwu. Anati sankamumenya, chakudya ankamupatsa chambiri. Koma akangowayang'ana ankamukanikiza mutu ndi chikhatho n'kumati, "Tsitsa maso, umandiopsa." Kenako anawonjezera china chimene chinandiimitsa tsitsi.

"Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinatembenuka, ndinawapeza ataima kumbuyo kwanga pafupi, milomo yawo ikugwedera. Atandiona anayamba kulira."

Munthu wamkulu kuima kumbuyo kwa mwana, n'kumanong'ona zosamveka! Kwa ine mlandu unathera pomwepo.

Ndinapitabe naye kuchipatala chaching'ono cha kwathuko, kuti pasadzakhale wonena kuti sindinayese. Adokotala anamuunika m'makutu ndi katochi, anati ndi oyera, mulibe mafinya, mulibe phula. Anamukweza chibwano n'kuti, "Tandiyang'ana, mtsikana. Dzina lako ndani? Uli sitandade chani? Wadya chiyani m'mawa?" Iye anayankha zonse ngati akuwerenga m'buku. Adokotala anaseka n'kundiuza kuti mwana akumva bwino, mwina ndi kamwano ka msinkhu. Ndinatuluka mtima uli bii. Ngati chipatala sichikuona kanthu, ndiye kuti chinthucho si cha chipatala.

Kunyumba ndinawauza amuna anga mosapita m'mbali kuti achemwali awo andiwonongera mwana, ndipo akabweze zimene anachita. Anandiyang'ana mpaka ndinamaliza. Sanakalipe, sanawaikire kumbuyo achemwali awowo. Anangotembenuka n'kuyamba kusoka ukonde. Khalidwe limeneli anali nalo kuyambira kale: akakupatsa msana, nkhani yatha. Ukhoza kutukwana mtundu wawo wonse kumbuyoko, phewa silingagwedezeke. Ndinkati ndi kuuma mtima kwa anthu a kunyanja. Tsiku limenelo ndinalankhula zambiri kumsana kwawoko, zina zoti sindingazilembe pano.

Patapita masabata angapo analengeza kutchalitchi kuti madokotala a makutu ochokera ku Blantyre abwera kuchipatala cha pa boma ndi makina awo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, ndipo ndinawaimbira foni alamu anga. Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinati, "Mubwere ku Mangochi Lachinayi mudzaone ndi maso anu zimene munachita." Ndinkayembekeza kuti akana kapena atukwana. Anangoti, "Ndibwera, mlamu," ndi mawu otsika ngati a munthu amene wakhala akudikira foni imeneyo.

Tinakwera kagalimoto kodzaza madengu a usipa wouma, ine, ana awiri ndi bambo awo amene ndinachita kuwakoka. Titawoloka mlatho wa Shire n'kufika kuchipatala, tinapeza mzere utafika kale pamtengo wa mango. Panali agogo ogwira ndodo, ana a thonje m'makutu, ntchentche zikuwazungulira, ndi msilikali wina atavala yunifolomu, akupendeketsa mutu kwa aliyense womulankhula. Alamu anga anali atafika kale. Anakhala kumapeto kwa benchi ndi duku lawo loyera, manja pamiyendo. Mwana wanga atawaona anagwada pa simenti n'kutsitsa maso. Ine sindinawapatse dzanja.

Tinalowa dzuwa litapendeka. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono thupi, wolankhula pang'onopang'ono, woti ukakumana naye pamsika ungamuyese wa Fomu 4. Anatilola kulowa tonse. Poyamba anaunika m'makutu ndi katochi monga anachitira adokotala a kwathu aja, ndipo anati ndi oyera. Ndinayang'ana alamu anga ndi diso loti mwamva. Kenako anaika kampira kakang'ono pakhomo pa khutu, kolumikiza ku kamakina, n'kunena kuti kakupopera kampweya pang'ono kuti aone ngati mwinikhutu akugwedera bwino komanso ngati kuseri kwake kulibe madzi. Anati nakonso kuli bwino, makutu onse awiri.

"Ndiye kuti palibe matenda?" ndinafunsa.

"Ndiye kuti khomo ndi lotsegula, mayi. Tsopano tione m'kati."

M'chipindamo munali kachipinda kena kakang'ono ngati bafa, ka zipupa zofewa, kokhala ndi chitseko cholemera ndi kawindo ka galasi. Anamulowetsa mwanayo, anamuveka mahedifoni, ndipo anagwada patsogolo pake n'kumufotokozera kuti akamva kulira kulikonse, ngakhale kochepa ngati kwa udzudzu, akweze dzanja. Anamutembenuzira kukhoma kuti asatione, n'kutseka chitseko. Chinatsekeka mopanda phokoso.

Dokotala anakhala pa makina ake n'kuyamba kudina. Ine ndinaima kumbuyo kwake, ndikuona chala chake ndi msana wa mwana wanga pagalasi. Anadina, dzanja linakwera. Anadinanso, linakwera. Ndinayamba kupuma. Kenako anatembenuza kena kake n'kudina, ndipo dzanja silinakwere. Anawonjezera mphamvu, anadinanso. Mwanayo anangokhala, mapewa ali zii, akudikira mokhulupirika kulira kumene kunali kutamudutsa kale. Anawonjezeranso mpaka ineyo, kunja kwa chitseko cholemeracho, ndinayesa kuti ndikumva kakulira kotulukira m'mahedifoni. Apo m'pamene kadzanja kanakwera mokayikira. Ndinazindikira kuti nanenso ndakweza langa, ngati ndingamuthandize mayeso.

Anachita khutu lina chimodzimodzi. Kenako anamuvula mahedifoni n'kumuika kachitsulo pafupa la kuseri kwa khutu. Anati kameneka kamatumiza kulira kudzera m'fupa, kulambalala njira yonse ya kunja, ndipo ngati mwana angamve bwino ndi kameneka ndiye kuti vuto ndi lotsekereza chabe, lochizika. Ndinapemphera ndi mtima wonse kuti dzanja likwere. Linakwera pomwe linakwera kale, ndipo linakhala pansi pomwe linakhala pansi kale.

Atamutulutsa, dokotala anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anamukhazika pampando moyang'anana naye n'kuti, "Undiyang'ane, ubwereze zimene ndinene." Mwanayo anayang'ana kwa azakhali ake kaye, ngati akupempha chilolezo, kenako anakweza maso. Dokotala anati "sopo," iye "sopo." Anati "fisi," iye "fisi." Anati "chipewa cha atate," iye anabwereza osaphonya. Kenako dokotala anatenga katoni kakang'ono n'kubisa pakamwa pake, ndipo ndi mawu omwewo, mphamvu yomweyo, anati "tsache." Mwana wanga anayang'ana katoniko. Anati "sukulu." Mwanayo anasuntha mutu kufuna kusuzumira kuseri kwa katoni. Atalephera anatsitsa maso n'kunena motsitsa kuti, "Eya."

Dokotala anamupatsa mwanayo pensulo ndi pepala kuti azijambula pakona, n'kutembenukira kwa ife.

"Mwanayu mawu okhuthala amawamva, koma mawu opyapyala samufika, ndipo ndi amene amasiyanitsa liwu ndi linzake. Vuto lili m'kati mwenimweni, pamene khutu limalumikizana ndi mtsempha. Wakhala akukwaniritsa ndi maso zimene makutu akumusiyira. Kuwerenga milomo chonchi munthu saphunzira mwezi umodzi. Izi zatenga zaka."

"Ayi adokotala," ndinatero, mawu akukwera. "Mwanayu ankamva. Zayamba atapita ku Nkope pa holide yapitayi."

"Ku Nkope kunachitika chiyani? Anadwala?"

"Anakamuphunzitsa ulemu. Kuti asamayang'ane akulu kumaso."

Dokotala anandiyang'ana. Ndinamva ndekha mawu anga akubwerera kwa ine. Ku Nkope sanamutseke makutu. Anamutseka maso, ndipo maso ndiwo anali makutu ake.

Ndiyenera kunena zoona: sindinasangalale. Mumtima ndinkafuna kuti akhale matsenga. Chimene munthu wamanga, munthu amamasula. Ukhoza kumuopseza, kumuitanira akuluakulu, kumugwadira ngati kuli kofunika, mpaka abweze. Koma chinthu cha mumtsempha ukachiitanira ndani?

Dokotala anati tsopano tifufuze gwero lake, chifukwa gwero ndi limene linganene ngati zaima pomwepa kapena zikupitirira. Anayamba kundifunsa. Kodi ndili woyembekezera ndinadwala zotupa pakhungu? Ayi. Anabadwa masiku atakwana, analira msanga? Inde. Anachita chikasu ali khanda? Ayi. Anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, oikidwa nawo diripi ya kwinini? Matenda oumitsa khosi? Chikuku, matsagwidi? Anabayidwapo jakisoni wa masiku ambiri? Anagwapo n'kumenyetsa mutu? Ndinayankha ayi, ayi, ayi, ndipo poyamba ndinkayankha monyada, ngati mayi wosamala. Koma ndinaona kuti "ayi" aliyense akumuchotsa dokotala kumwetulira. Zifukwa zimene zimabwera kamodzi n'kupita zinali kutha, ndipo ankatsala ndi funso limodzi.

"Kubanja kuli wina amene samva bwino? Makamaka amene anayamba ali wamng'ono n'kumaonjezekera akamakula?"

"Kwathu kulibe," ndinayankha msanga. "Agogo anga anamwalira ali ndi zaka zambiri akumva ndi mapazi a mphaka omwe."

"Nanga kwa bambo?"

Amuna anga anali ataima pafupi ndi khomo, chipewa m'manja. Dokotala anafunsa funsolo akulemba, nkhope ili pansi. Iwo sanayankhe. Ndinayesa kuti ndi kuuma mtima kuja. Dokotala anadzutsa mutu, anawayang'ana, n'kubwereza funso lomwelo ndi mawu omwewo. Apo anayankha nthawi yomweyo, mokweza monga mwa masiku onse, kuti kwawo kulibe zimenezo. Dokotala anawayang'anitsitsa kanthawi.

"Bambo, poti mwabwera kale, lowani nanunso m'kachipindamu. Sizitenga nthawi."

Anaseka kuseka kwakukulu kopanda chimwemwe. Anati iwo ndi msodzi, amamva nsomba ikutembenuka pansi pa nyanja, ndipo ayenera kukagula mafuta a injini sitolo zisanatseke. Anavala chipewa n'kutuluka. Ndinawaitana ali pakhomo, msana uli kwa ine. Phewa silinagwedezeke.

Dokotala sanaumirize. Anapempha kuyeza khanda, ndi kampira kena kamene amati kamamvetsera ngati m'kati mwa khutu mukuyankha. Mwanayo anali m'tulo ndipo sanadzuke n'komwe. Makina anaonetsa kuti zili bwino mbali zonse. Ndinatsala pang'ono kugwada. Koma dokotala anati ndisathamange. Anati sanganene motsimikiza popanda kuyeza magazi kumene kuno sikuchitika, koma makutu onse awiri kutsika mofanana chonchi, popanda matenda alionse m'mbuyomu, nthawi zambiri zimakhala za kumtundu. Ndipo za kumtundu zina mwana amabadwa akumva bwinobwino, n'kuyamba kutsika mwakachetechete akukula. Anati wamkuluyo amupezera timakina tovala m'makutu, ndipo onse awiri ndizibwera nawo chaka chilichonse. Kenako anatembenukira kwa alamu anga n'kunena mwaulemu kuti, "Amayi, mwanayu muloleni aziyang'ana."

Panja, pansi pa mtengo wa mango paja, mzere unali utatha. Amuna anga sankaoneka. Ndinamutuma mwana kukagula zitumbuwa pageti, ndikumuona, ndipo ndinaima pamaso pa alamu anga.

"Munkanong'ona chiyani kumbuyo kwa mwana wanga?"

"Dzina lake, mlamu. Ndinkamuitana dzina lake."

Anakhala pa muzu wa mtengowo n'kuyamba kulankhula, maso ali pa zala zawo. Anati mayi awo, apongozi anga amene anamwalira ndisanakwatiwe, amene ndinkangouzidwa kuti anali munthu wofatsa wosakonda zolankhula, ankayang'ana anthu pakamwa chimodzimodzi. Pofika pobereka mwana womaliza sankamvanso ngakhale belu la tchalitchi. Anati mchimwene wawo wamng'ono, amene ine ndinkadziwa kuti anamira panyanja basi, nayenso anali ndi maso omwewo. Tsiku limene anamira anali yekha m'bwato, atapatsa anzake msana, akukoka ukonde. Anzakewo anaona mwera ukubwera, anakuwa, anamenya nkhafi m'mabwato, analiza malikhweru. Iye sanatembenuke.

"Tsiku lija nditaona mwanayu akundiyang'ana, ndinaona amayi atadzuka. Ndinati mwina makutu amachita ulesi maso akamawagwirira ntchito. Ndinati ndikamuletsa kuyang'ana, mwina adzuka. Ndinkaima kumbuyo kwake tsiku lililonse n'kumuitana, kuti mwina lero atembenuka."

"Nanga osandiuza bwanji? Inu ndi achimwene anu, zaka zonsezi?"

"Mukanalola kukwatiwa kumtundu wa agonthi? Kwathu nkhani imeneyi sititchula. Ana athu aakazi akanakwatiwa ndi ndani?"

Sindinawapepese tsiku limenelo, ndipo iwonso sanandipepese. Ndinali nditawanamizira ufiti, iwo anali atandibisira chinthu choopsa kuposa ufitiwo. Tinangokhala pa muzu umodzi, tikuyang'ana mwana akubwera ndi zitumbuwa m'kapepala, akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa mpanda.

Amuna anga tinawapeza pa siteji atagwira chigubu cha mafuta. M'galimoto anakhala moyang'anana nane. Nditayamba kulankhula za timakina tija, anasiya zonse n'kundiyang'ana monga ankachitira tili pa chibwenzi, monga anachitira zaka zonse za ukwati wathu. Nthawi imeneyi ndinatsatira maso awo kuti ndione pamene agwera. Sanali pa maso anga. Anali pa milomo. Ndinakumbukira mmene ndinkadzitamira kwa anzanga kuti ndinapeza mwamuna womvetsera, ndipo ndinalira m'galimoto modzaza anthu, usipa ukununkha, osasamala kuti ndine mphunzitsi. Sindikunena kuti sankandikonda. Koma mpaka lero sindidziwa kuti pa kuyang'ana kuja chikondi chinali chochuluka bwanji.

Timakina tinabwera, ndipo tinathandiza. Mwanayo anadabwa kumva kuti mafuta amalira mu poto, ndipo anayambanso kuyang'ana anthu pakamwa, wonena anene. Kusukulu anabwerera kutsogolo. Koma chaka chotsatira titapitanso m'kachipinda kaja, dzanja linakhala pansi m'malo ena amene linakwera poyamba. Dokotala anawonjezera mphamvu ya timakina n'kundiuza kuti ndiyambe kuganiza zoti tonse tiphunzire chinenero cha manja, nthawi ikadalipo. Amuna anga sanalowebe m'kachipindako. Amapitabe panyanja. Kukayamba kuomba mwera ine ndimasiya choko n'kuima pakhonde la kalasi, ana n'kumadabwa kuti madamu akuyang'ana chiyani.

Chiyembekezo changa chonse ndinachiika pa wamng'onoyo. Anayezedwa kachiwiri, anapambana. Analankhula msanga, ndi wolongolola ngati ine, woyankha asanafunsidwe. Ndinkadziuza kuti uyu watengera ku Ntcheu. Chaka chachitatu madokotala atabweranso ndinapita ndi wamkulu yekha. Ndinati wamng'onoyu ali ndi chimfine, ulendo ndi wautali, adzapita chaka chamawa. Pakhomo panalibe amene ananditsutsa.

Loweruka lina m'mawa, chaka chomwecho, ndinali kuchapa pabwalo. Wamng'onoyo anali chapafupi, atandipatsa msana, akuphika mchenga m'zitini. Ndinamuuza kuti andipatsire sopo amene anali pamwala pambali pake. Anapitiriza kuphika. Ndinabwereza, osakweza mawu, chifukwa china chake chinandiletsa kukweza. Ndinadziuza kuti ana akatanganidwa ndi masewera amatero onse.

Wamkuluyo anali kuyanika zovala pachingwe, ndipo anali kundiyang'ana pakamwa. Anasiya malaya m'beseni, anapita kwa mng'ono wake, anagwada mumchenga patsogolo pake, n'kumugwira chibwano ndi zala ziwiri mofatsa, ngati munthu amene wachita zimenezi kambirimbiri ine kulibe. Anati, "Apatse amayi sopo." Kamwanako kanadzuka nthawi yomweyo, kanatola sopo n'kubwera nako kakuthamanga, kakuseka. Kanaima patsogolo panga, khosi litapendekeka pang'ono, kudikira kuti ndinene zikomo.

"Amayi," anatero wamkuluyo akupukuta mchenga m'mawondo, "musamamulankhule atatembenuka. Ndinayamba kalekale kumuitana kumbuyo."